Mazinga a lead screw alala pafupi ndi chuck, nditchinge ndi chiyani?

Wophunzira Kusema:
Akuluakulu, ndabwera kudzapempha nzeru. Ndili ndi lathe (makina osemera zitsulo mozizunguza) yaing'ono yakale imene ndinagula kwa munthu wina atasiya ntchito yosema zitsulo. Sabata yatha ndimadula mazinga pa shafti yotalika masentimita 25. Nati inalowa bwinobwino kunsonga, koma itayenda pang'ono inayamba kuthina, kufika chapakati inakaniratu. Ndinanola mpeni n'kudula shafti ina, zomwezonso.

Dzulo ndinagwada n'kuunika lead screw (ndodo yaitali ya mazinga imene imayendetsa mpeni podula mazinga) ndi tochi, ndipo zimene ndinaona zandidetsa nkhawa. M'mazinga mwadzaza matope akuda omata, mkati mwa matopemo mukunyezimira tizinyenyeswa ta brass. Kumbali ya tailstock (chochirikiza nsonga ya ntchito kumapeto kwa lathe) nsonga za mazinga n'zophwatalala ngati zatsopano. Koma pafupi ndi chuck (chopanira ntchito chimene chimazungulira), kachigawo kotalika ngati chikhatho ndi theka, nsongazo zaonda, ukakhudza ndi chala zikumveka zakuthwa. Kodi kulala kumeneku ndi kumene kukuthinitsa nati? Nanga nditchinge ndi chiyani kuti zisapitirire? Ndaona ena amaika chisipuling'i chokuta lead screw yonse.

Fitala wa Usiku:
Achimwene, musanaiimbe mlandu lead screw, tengani micrometer muyeze shafti ija kunsonga, pakati, ndi pafupi ndi chuck. Shafti yoonda imathawa mpeni pakati, mazinga n'kutuluka osazama pamenepo. Tailstock ikapatukanso pang'ono, ntchito imatuluka yonenepa mbali imodzi. Zonsezi zimathinitsa nati ngakhale lead screw ili bwino. Sindikukana kuti yanuyo yalala, mwaiona nokha ndi maso anu. Ndikungoti matenda angakhale awiri.

Mmisiri Wopuma:
Afitala anena zoona, yambani ndi kuyeza. Koma popeza mwafunsa za kutchinga, ndiyambe ndakufunsani: kutsogolo kwa bedi (thunthu lalitali lokhala ndi njanji) ya lathe yanuyo kuli ndodo zingati? Makina akuluakulu amakhala ndi feed rod payokha yoyendetsa carriage (ngolo yonyamula mpeni) posema wamba, lead screw imangogona kudikira tsiku lodula mazinga. Ena, monga South Bend ya mainchesi 9 ya Model A ndi Model B, ali ndi ndodo imodzi, koma anaisema kangalande m'litali mwake. Kangalandeko ndi kamene kamazunguza worm (giya yooneka ngati bawuti) mu apron (bokosi la magiya la kutsogolo kwa carriage), mazinga osakhudzidwa. Koma pa Model C, pa Myford ML7, ndi pa timakina ta 7x12 ndi 7x14 tachuluka masiku anoti, ukafuna feed, kutanthauza kuti carriage iziyenda yokha, umatseka half nut (nati ya zibenthu ziwiri imene imaluma lead screw) basi. Ndiye kuti sentimita iliyonse imene wasema ndi feed, mazinga a lead screw akhulidwa.

N'chifukwa chake imalala pafupi ndi chuck. Ntchito zambiri n'zazifupi, carriage imangopita ndi kubwera pamalo amodzimodzi zaka ndi zaka, ndipo pomwepo ndi pamene zinyenyeswa zimagwera.

Tsono mvetserani apa. Zinyenyeswa zikuluzikulu zopotana zimene mumaziona ndi maso si zimene zimadya lead screw. Chimene chimadya ndi fumbi: fumbi la cast iron, mchenga umene umatsalira pakhungu pa chitsulo chochita kusungunula n'kuthira m'chikombole, makoko akuda a chitsulo chimene chinapangidwa chili cha moto, ndipo koposa zonse timchenga tochoka pa sandipepa ndi pa mwala wonolera. Timchenga timeneti ndi aluminium oxide kapena silicon carbide, n'tolimba kuposa chitsulo chilichonse cha pa lathe yanu. Tikasakanikirana ndi oyilo, tasanduka chimodzimodzi mankhwala aja amakanika amakhulira mavalavu a injini. Tikalowa mu half nut, imene kawirikawiri imakhala ya bronze kapena ya cast iron, timakanirira m'menemo chifukwa ndi yofewerapo, kenako nthawi iliyonse mukatseka half nut timapala lead screw. Matope akuda mwaonawo ndi amenewo.

Wophunzira Kusema:
Zikomo bambo. Ndodo ndi imodzi, ilibe ngalande, ndipo ndawerenga mazinga 8 pa inchi. Za sandipepa mwandigwira. Pafupifupi ntchito iliyonse ndimamalizira ndi sandipepa ili pa chuck pomwepo, osayala kanthu pansi. Chinanso, ndinaipeza lead screw itapakidwa girizi, ine n'kumangowonjezerapo mwezi ndi mwezi poganiza kuti ndikuisamala.

Chitsulo cha Moto:
Ine girizi sindikuona vuto lake. Oyilo amayenderera, masiku awiri lead screw yauma, pomwe girizi amakhalitsa. Yanga ndimapaka girizi, ndikaweruka ndimapemerera ndi mpweya wa kompuresa, zinyenyeswa zonse mbee. Zaka zinayi tsopano, mazinga ndikudula bwinobwino.

Mayi wa Mazinga:
Achimwene a Chitsulo, pamenepa ndikutsutsani, ndipo ndikutsutsani pa zonse ziwiri. Girizi ndi wabwino pamalo otsekeka, monga mu bearing yokhala ndi zotsekera zake. Pa ndodo imene ili pamtunda, pansi penipeni pa malo amene mpeni ukulavulira zinyenyeswa, girizi ndi ulimbo. Chilichonse chimene chagwera chimakakamira, ndipo simungachichotse ndi burashi youma. Oyilo mukuti amayendererayo, poyenderera amatsika ndi fumbi. Kuuma msanga si vuto, kukungokukumbutsani kuti mupukute ndi kuthira wina.

Za mpweya ndiye zoopsa kuposa. Zinyenyeswa zimachoka pamaso panu, inde, koma zimapita kuti? Zina zimalowa kuseri kwa apron kumene kuli magiya ndi half nut, zina zimadutsa pansi pa ma wiper (zopukutira za m'mphepete mwa carriage) n'kukhala pakati pa carriage ndi bedi. Ine ndinamasulapo apron ya lathe imene anyamata ankaipemerera tsiku ndi tsiku. Kunja inali yoyera ngati yatsopano. M'kati, mano a magiya anali atadzaza zinyenyeswa zophwanyika, zothinana moti ndinachita kuzitokosa ndi waya dzino limodzilimodzi. Zaka zinayi n'zochepa pa moyo wa lathe. Tamasulani half nut yanuyo tsiku lina muione m'kati.

Chitsulo cha Moto:
Za mpweya ndamva, amayi, sindinaganizepo kuti zimathawira m'kati. Koma oyilo wake uti? Wa injini ali bwino?

Mayi wa Mazinga:
Wa injini aposa kusiya pouma, koma anapangidwira ntchito ina. Funani oyilo wa pa bedi, uja amati way oil wa ISO 68, monga Mobil Vactra No. 2. Amamata pang'ono pachitsulo koma sakhala ulimbo. Ndipo si wothira ngati mukusambitsa mwana ayi. Madontho ochepa m'litali mwa ndodo, muyendetse carriage, wotsalayo mupukute.

Wophunzira Kusema:
Nanga matope alimo kalewa ndiwachotse bwanji? Nsanza sikufika pansi pa mazinga.

Fitala wa Usiku:
Parafini ndi mswachi wakale, kenako chingwe cha thonje chonenepa mokwanira kudzaza ngalande ya mazinga. Muchinyowetse ndi parafini, muchikoloweke kuseri kwa lead screw, mugwire nsonga ziwirizo, ndodoyo izizungulira pang'onopang'ono. Chingwe chimatsata mazinga chokha kuchoka uku kukafika uko, ndipo mudzadabwa zimene chidzatulutse. Chikada, sunthani pena.

Mmisiri Wopuma:
Njira ya chingwe ndi yabwino, koma ndikupempheni chinthu chimodzi, mwana wanga. Chingwecho musachikulunge ku zala, ngakhale kamodzi. Chigwireni ndi nsonga za zala kuti chikakoka chingopulumuka. Lead screw imaoneka yaulesi chifukwa imazungulira pang'onopang'ono, koma kuseri kwake kuli magiya ochepetsa liwiro, ndipo liwiro likachepa mphamvu imachuluka. Siima chifukwa yagwira chala.

Ndili mnyamata ndinkapukuta lead screw ndi nsanza makina akuyenda. Kansonga ka nsanza kanalowa m'mazinga, ndinangomva dzanja likupita lokha. Mwayi wanga nsanzayo inali yofumbwa, inang'ambika. Ndinatsala ndi kachidutswa m'manja, yotsalayo itakulungika pa ndodo molimba moti tinachita kuidula ndi mpeni. Mpaka lero ndikatsuka lead screw ndimazimitsa makina, kuzula pulagi, n'kumazunguza ndi dzanja. Zimatenga mphindi zingapo zowonjezera, basi.

Ndipo musatsuke ndodo yokha n'kusiya half nut. Mukatero, mukangotseka koyamba matope a m'kati abwerera pa ndodo. Tsitsani apron, chotsani zibenthu ziwirizo, zitsukeni mu parafini, mutokose mzere uliwonse ndi kamtengo kosongola kapena waya wa brass.

Kachipangizo:
Ine ndiyankhe za chisipuling'i chija, chifukwa ndinaikapo pa lathe yanga ndipo ndikuchidziwa ubwino ndi kuipa kwake. Ndi lamba wa chitsulo cha sipuling'i wokulungidwa, amene amafutukuka ndi kukhwinyata carriage ikamayenda. Pamafunika ziwiri, china kumanzere kwa apron, china kumanja. Kutchinga chimatchingadi. Zinyenyeswa zamoto sizichiboola, zazitali zopotana sizikulungikanso pa ndodo, ndipo malaya sangakodwe.

Koma dziwani izi musanagule. Chikakhwinyata mpaka mapeto chimatsalabe ndi utali wake, ndiye carriage siifikanso pamene inkafika. Pa lathe yaikulu palibe kanthu. Pa yaing'ono, masentimita ochepa amenewo ndi omwe mumawafuna mukamagwira ntchito pafupi ndi faceplate kapena pa collet (zopanira ntchito zimene zimaikidwa m'malo mwa chuck). Ine tsiku loyamba ndinapeza kuti mpeni sukufika pamene ndikufuna, ndinachita kukankhira compound (kangolo kapamwamba konyamula mpeni) kutsogolo, zimene zimachepetsa kulimba. Chachiwiri, thread dial (kawotchi kosonyeza nthawi yotsekera half nut podula mazinga) imafuna kuluma lead screw pambali pa apron, pamalo omwewo pamene sipuling'i ikufuna kukhala. Ndinachita kusema kakapu kotalikirapo kuti zonse zikwane. Chachitatu, chimabwera chomangidwa ndi waya kapena zopanira. Musachimasule chisanakhale pa ndodo pamalo pake, ndipo valani magalasi ndi magolovesi, chifukwa m'mphepete mwake ndi mwakuthwa ndipo chikathawa chimakwapula. Chimafunanso oyilo kuti zigawo zake ziziterera, ndipo fumbi losalala la sandipepa limalowabe pakati pa zigawozo.

Zamapulasitiki kapena zansalu zopindikapindika zija ndinayesanso. Pa aluminiyamu ndi brass zimapirira, koma chitsulo chikamatuluka chabuluu ndi moto chimazibowola timabowo.

Mayi wa Mazinga:
Pa lathe yaing'ono ine ndimakonda chinthu chosavuta. Pindani lata kapena aluminiyamu woonda kuti akhale ngati kadenga, mumange kumanzere kwa apron ndi timabawuti tiwiri, kaziyenda limodzi ndi carriage. Kakhale kotalika kukwanira kuphimba ndodo pansi pa malo amene mpeni ukudula. Kumusi kusiyeni kotseguka, kuti chimene chalowa chigwe chokha, komanso kuti muzitha kusuzumira. Onetsetsani kuti carriage ikafika pafupi ndi headstock (mutu wa lathe, kumene kuli chuck) kadengako kakupeza polowa, kasakagunde gearbox. Yesani ndi dzanja makina ali chozima musanatseke half nut.

Ngati apron yanu ndi yotseguka kumbuyo, monga zimakhalira pa timakina ta 7x tambiri, dulani kapulasitiki kolimba kapena kalata mutseke magiya a handwheel (gudumu loyendetsera carriage ndi dzanja). Zinyenyeswa zambiri zimalowera kumeneko.

Chitsulo cha Moto:
Ine ndinamatika maginito pa apron kuti azikoka zinyenyeswa zisanafike pa ndodo.

Fitala wa Usiku:
Maginito sakoka brass kapena aluminiyamu, achimwene, ndipo akakhala pafupi ndi lead screw nthawi yaitali ndodoyo ingatengere, n'kuyamba kudziitanira fumbi la chitsulo yokha. Ngati mukuwafuna, aikeni m'kathumba ka pulasitiki muzitolera zinyenyeswa m'thireyi mukamaliza ntchito.

Mmisiri Wopuma:
Kadenga ka amayiwa ndikugwirizana nako. Koma ndili ndi nkhawa imodzi ndi chotchinga chilichonse, makamaka chotseka ndodo yonse. Munthu akachiika amaiwala kuti m'katimo muli chinthu. Ndinaonapo lead screw imene inavundukulidwa patapita zaka, youma gwaa, dzimbiri lili m'mazinga chifukwa madzi oziziritsira a coolant ankalowa koma osatuluka. Mwini wake ankati ndi yotetezeka. Chotchinga chimaletsa zazikulu, zimene si zoopsa kwenikweni ku mazinga. Fumbi limaletsedwa ndi khalidwe la mmisiri.

Mukamagwiritsa ntchito sandipepa, kapena mukamasema cast iron, yalani pepala pa bedi ndi pa lead screw. Ndati pepala, osati nsalu, chifukwa pepala likakodwa ndi chuck limangong'ambika, nsalu imakoka dzanja. Mukamaliza lipindeni mosamala fumbi lili m'kati, mukataye. Ngati mwala wanu wonolera mipeni uli pafupi ndi lathe, usamutseni lero lomwe, chifukwa fumbi lake limauluka n'kutera pa oyilo. Cast iron ya khungu, mpeni woyamba uzilowa mozama kupitirira khungulo, usamakhule pamwamba pa mchenga.

Chinanso, popeza lathe yanu imayendetsa feed ndi half nut, musamaigwiritse ntchito pa chilichonse. Kusema koyamba kochotsa chitsulo chambiri yendetsani ndi handwheel, imene imaluma rack (mzere wa mano wa m'litali mwa bedi). Feed muisungire kumalizira kosalala. Pamene simukuifuna, ikani tumbler (chogwirira chosinthira mbali imene lead screw imazungulira) pakati kuti lead screw isamazungulire pachabe, chifukwa ndodo yozungulira imakoka zinyenyeswa zazitali n'kuzikulunga. Thread dial nayonso ikankhireni kumbali pamene simukudula mazinga, kagiya kake kasamangokhulana ndi ndodo tsiku lonse. Ndipo musanadule mazinga, nthawi iliyonse, burashi idutse kaye pa chigawo chimene half nut ikaluma. Kachinyenyeswa kamodzi kokha kangaletse half nut kutsekeka mpaka pansi, mpeni n'kulowa pambali pa mzere, ntchito ya maola awiri yawonongeka.

Wophunzira Kusema:
Ndalemba zonse m'kope. Koma funso langa loyamba lidakalipo. Ndidziwa bwanji ngati ndodoyi yalala moti siingadulenso mazinga olondola?

Mayi wa Mazinga:
Yezani, musaganizire. Mwati ndi mazinga 8 pa inchi, ndiye kuti lead screw ikazungulira kamodzi carriage iyenera kuyenda mamilimita 3.175, ikazungulira ka 8 iyende 25.4 ndendende. Zimitsani makina. Ikani chizindikiro pa ndodo kapena pa giya yake, ndi cholozera chosasuntha. Tsekani half nut, zunguzani kaye pang'ono mbali imene mumadulira kuti kugwedera kuthe, kenako ikani dial indicator (choyezera cha singano) pa carriage. Ngati indicator yanu siifika mamilimita 25, zunguzani kawiri kokha muone ngati yayenda 6.35. Bwerezani chigawo ndi chigawo kuyambira ku tailstock mpaka ku chuck, osabwerera m'mbuyo pakati pa muyeso.

Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti pamene ndodo yalala mofanana, mazinga amatulukabe olondola, chifukwa mtunda wa pakati pa mzere ndi mzere sunasinthe. Vuto limakhala pamalire, pamene half nut ikuchoka pa chigawo chabwino kulowa pa cholala. Pamenepo carriage imatsalira pang'ono pang'ono. Pa bawuti yaifupi ndi nati wamba simungazindikire. Pa shafti yaitali ndi nati yaitali, mudzazindikira.

Onaninso kuti ndodoyo sikusuntha cham'litali. Ikani indicator kunsonga kwake, mukankhe carriage uku ndi uku half nut ili yotseka. Ikasuntha, vuto lili pa makolala kapena pa thrust bearing, zimene zimagwira ndodo kuti isasunthe cham'litali, ndipo limenelo n'losavuta kukonza.

Kachipangizo:
Ikapezeka kuti yalaladi, pa ma lathe ena ndodo imatheka kuitembenuza, mbali ya ku tailstock ibwere ku chuck. Mazinga akumanja amakhalabe akumanja ngakhale muitembenuze. Koma nsonga ziwirizo sizifanana, mudzafunika kusema ndi kulumikiza kuti zilowe m'malo mwake. Mukaganiza zogula ndodo yatsopano, onetsetsani mtundu wa mazinga. Acme ndi madigiri 29, trapezoidal ya metric ndi madigiri 30. Zimaoneka zofanana ndi maso koma si chinthu chimodzi. Ndipo musaike half nut yakale yodzaza mchenga pa ndodo yatsopano.

Wophunzira Kusema:
Akuluakulu, ndabweranso patapita masiku atatu. Afitala, munalondola. Nditasema ndodo yoyesera pakati pa ma centre (nsonga ziwiri zogwira ntchito mbali zonse), mbali ya ku chuck inatuluka yonenepa kuposa ya ku tailstock. Ndasuntha tailstock mpaka mbali ziwiri zafanana.

Apron ndinaitsitsa monga munanenera, bambo. Mu half nut munali zinthu zolimba ngati dothi louma, ndipo mu mzere wina munakanirira kachidutswa ka chitsulo kopindika ngati chikhadabo, konyezimira mbali imodzi chifukwa chokhulana ndi ndodo. Parafini inada bii katatu ndisanaone mtundu weniweni wa bronze. Chingwe ndinayendetsa ndikuzunguza ndi dzanja, pulagi itazulidwa, ndipo ndinasintha zingwe zinayi.

Muyeso wa amayi ndinachita kawiri. Ku tailstock singano ikubwera pamene iyenera. Pakati pa chigawo cholala ikubweranso bwino. Pamalire paja ndi pamene ikutsalira pang'ono, monga munanenera. Ndadulanso shafti ya masentimita 25 ndi follower rest (chochirikiza shafti chimene chimayenda ndi carriage), nati yayenda ndi zala kuchoka kunsonga mpaka kumapeto, kungolemera pang'ono pamalo amodzi. Kadenga ndapinda ka aluminiyamu, kakulowa pansi pa headstock osagunda kanthu. Mwala wonolera ndausamutsira kukhoma lina.

Chitsulo cha Moto:
Inenso ndinamasula yanga dzulo nditawerenga za amayi. Sindinena zambiri, koma girizi ndamuchotsa yense, ndipo paipi ya mpweya ndaipachika kutali ndi lathe. Half nut yanga ikugwedera kwambiri ndikaitseka. Ndisinthe yonse kapena pali pomangitsa?

Mmisiri Wopuma:
Yang'anani kaye kumbali kwa njira imene zibenthu ziwirizo zimaterera. Pa ma apron ambiri pamakhala kagib (kachitsulo kothinitsira) ndi timabawuti tomangitsira. Ngati kugwederako kuli pamenepo, mangani pang'onopang'ono mpaka chogwirira chiziyenda mosalala koma mosagwedera. Ngati zibenthuzo zili nji koma carriage ikusunthabe uku ndi uku half nut ili yotseka, yesani pamalo awiri, pafupi ndi chuck ndi kumapeto kwa tailstock. Ikagwedera mofanana ponseponse, yatha ndi half nut. Ikagwedera kwambiri ku chuck kokha, ndiye ndi ndodo. Mutiuze zimene mupeze.